Idyani Njala Isanakupezeni: Malangizo kwa Achinyamata Opalasa Njinga Mitunda Italiitali

Ana anga, anyamata ndi atsikana amene mwayamba kulawirira Loweruka m'mawa kukapalasa njinga mitunda italiitali, ndili nanu mawu. Ndimakondwa kuona kuti njinga, imene makolo anu ankaidziwa ngati chonyamulira matumba a chimanga ndi odwala opita kuchipatala, kwa inu yasanduka masewero ofuna luso ndi khama. Mwamva za Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu 2024 anapambana zigawo zitatu za mpikisano wa Tour de France, ndipo mtima wanu ukuti nafenso tingathe. Mungathedi. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri a inu mumachinyozera pokonzekera ulendo. Matayala mumapopa, tcheni mumathira oyilo, mabuleki mumayesa, zigamba ndi pampu mumanyamula, koma za kamba wa paulendo mumangoti tikaona konko. Ena mpaka mumadzitama kuti munachoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi madzi okha, ndipo anzanu amakuwomberani m'manja. Ine sindiwomba nawo. Chimene ndikufuna chikukhazikikeni mumtima n'chakuti pa ulendo uliwonse wopitirira ola limodzi ndi theka, wopalasa njinga ayenera kuyamba kudya asanamve njala, ndipo azidya pang'ono koma pafupipafupi mpaka atafika kumene akupita. Kupirira njala pachishalo si chamuna ayi. Ndi kusadziwa mmene thupi limagwirira ntchito, ndipo pa misewu yathu yopapatizayi kusadziwa kotero kumatha kutayitsa moyo.

Tiyambe ndi thupilo. Minofu ya m'miyendo ikamapalasa imatentha zinthu ziwiri, mafuta a m'thupi ndi shuga. Shugayo amachokera ku nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi, buledi ndi zakudya zina zokhutitsa, ndipo thupi limamusunga ali mu mtundu wina umene madokotala amautcha glycogen. Munthu wamkulu wodya bwino amasunga magalamu pafupifupi 400 m'minofu ndi ena pafupifupi 100 m'chiwindi, basi. Mafuta ndiye ambiri. Ngakhale mnyamata wowonda wolemera makilogalamu 60 amayenda ndi mafuta okwana makilogalamu 5 kapena 6, ndipo mphamvu zili m'mafutamo zimaposa za glycogen yense kuwirikiza ka 20. Chovuta n'chakuti mafuta satuluka mwachangu. Ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, chochuluka ndithu, koma choti uyambe watong'ola, wakonola, wapita nacho kuchigayo, pomwe shuga ndi ufa umene uli kale m'dengu pafupi ndi mafuwa. Mukamapalasa modekha pachidikha, thupi limapeza mpata wogwiritsa ntchito mafuta. Mukayamba chitunda, kapena mukamathamangira mnzanu amene wakusiyani, thupi limatembenukira kwa shuga, ndipo limatha kutentha magalamu awiri kapena atatu pa mphindi iliyonse. Komanso shuga wosungidwa m'minofu ya m'mikono miyendo singamubwereke. Mnofu uliwonse umadya wake womwe. N'chifukwa chake munthu akamapalasa mwamphamvu zosungidwazo zimatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Chiwindi ndicho chimathira shuga m'magazi, ndipo usiku wonse inu muli mtulo chimakhala chikudyetsa ubongo. Ndiye mukadzuka m'bandakucha n'kukwera njinga kukamwa kuli gwa, mumanyamuka shuga wa m'chiwindi atachepa kale.

Izi si nkhambakamwa, ndipo sizinadziwike dzulo. Mu 1924 madokotala a ku Harvard, mmodzi wa iwo Samuel Levine, anayeza magazi a ena mwa othamanga amene anamaliza mpikisano wa Boston Marathon. Anapeza kuti amene anafika ali lenguu, otuwa ndi osokonezeka mutu anali omwewo amene shuga wawo wa m'magazi anali atatsikiratu. Chaka chotsatira anawauza kuti adye zokhutitsa zambiri dzulo lake, n'kuwapatsa maswiti oti azidya m'njira. Shuga wawo sanatsike, ndipo anafika ali bwino kusiyana ndi chaka chapitacho. Mu 1967 akatswiri a ku Sweden, Jonas Bergström, Eric Hultman ndi anzawo, anazama kuposa apo. Ankachotsa ndi singano kachidutswa ka mnofu wa pantchafu kuti aone glycogen alimo wochuluka bwanji, kenako n'kumukweza munthuyo pa njinga yoima malo amodzi kuti apalase mpaka miyendo itakana. Amuna 9 amene anawayesawo atadya masiku atatu zakudya za mafuta ndi nyama zokhazokha, ankalephera pa mphindi 57. Atadya zakudya zawo za masiku onse ankafika mphindi 114. Atadya masiku atatu zakudya zokhutitsa zochuluka ankafika mphindi 167. Anthu anali omwewo, miyendo yomweyo, khama lomwelo; chinasintha ndi cha m'mbale. Kenako mu 1986, ku yunivesite ya Texas, Edward Coyle ndi anzake anayesa kudyetsa anthu ali panjinga pomwepo. Akatswiri 7 opalasa njinga atapatsidwa chakumwa chongokoma pakamwa koma chopanda shuga weniweni, anatheratu pa maola atatu. Tsiku lina atapatsidwa chakumwa cha shuga mphindi 20 zilizonse, anapalasa maola anayi pa liwiro lomwelo. Ola lathunthu limenelo, kwa inu, ndi makilomita 20 kapena 25 omaliza a ulendo, amene nthawi zambiri amakhala ovuta kuposa onse.

Mwina mukuti chabwino tamva, tizidya njala ikatipweteka. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akamalimbitsa thupi mwamphamvu, magazi ambiri amachoka m'matumbo n'kupita kuminofu ndi pakhungu, ndipo chilakolako cha chakudya chimazilala. Dzuwa likatentha chimazilaliratu. Njala panjinga siuza zoona. Imabwera mochedwa, mwina osabwera n'komwe, pomwe shuga akungotha. Ndiponso nthochi imene mwameza tsopano siifika m'miyendo pompano. Iyenera igayike, itsikire m'matumbo, ilowe m'magazi. Wodikira kuti miyendo iyambe yalemera amakhala atachedwa kale, ndipo ngakhale adye zambiri panthawiyo, mphamvu sizibwerera zonse. Taganizirani msewu wa M14. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mumatsika kuchoka pamtunda wa mamita oposa 1,000 kukafika kuchigwa cha kunyanja cha mamita pafupifupi 500. Ulendo wopita umanyenga, chifukwa mitsetse imakukankhani ndipo mumadziona ngati ngwazi. Pobwerera mamita omwewo muyenera kuwabweza ndi miyendo yanu, dzuwa lili paliwombo, m'zitunda za ku Dowa cha ku Mvera ndi ku Chezi. Zitunda zimenezo zimafuna shuga, ndipo zimakupezani panthawi imene shugayo watha ngati simunadye chinyamukire. Chimodzimodzi wokwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre: chakudya chokwerera phiri limenelo amadyera kuchigwa, asanafike patsinde.

Shuga akatha, sikuti miyendo yokha ndiyo imavutika. Ubongo sutentha mafuta monga imachitira minofu. Umadalira shuga wa m'magazi, magalamu pafupifupi 120 patsiku. Akachepa, munthu amayamba kukwiya popanda chifukwa, kenako amangoti zii osayankhula, thukuta lozizira limatuluka, manja amanjenjemera, m'maso mumachita chidima, ndipo njinga imayamba kuyenda mokhotakhota. Izi zimagwera ndi akatswiri omwe. Pa 18 July 2013, Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, anali kutsogola pa Tour de France pamene shuga anamuthera akukwera phiri la Alpe d'Huez, kutatsala makilomita pafupifupi 5. Anakweza mkono kupempha thandizo, mnzake Richie Porte anabwerera kugalimoto ya timu kukamutengera chakudya ngakhale malamulo anali ataletsa kale kupereka chakudya pamalo amenewo, ndipo Froome analangidwa powonjezeredwa masekondi 20. Analolera chilangocho podziwa kuti kupitiriza chopanda kanthu kukanamutayitsa zambiri. Froome anali ndi madokotala, ophika ndi galimoto kumbuyo kwake, msewu utatsekedwa kuti apalase yekha ndi anzake. Inu mumapalasa m'mphepete mwa phula lodyeka, ma minibasi ndi mathiraki akukupitirirani pafupi ndi chigongono. Wochita chizungulire pa msewu wa M1 sapatsidwa masekondi 20.

Nanga mudye zochuluka bwanji? Akatswiri a kadyedwe ka amasewero amagwirizana kuti ulendo wosakwana ola limodzi madzi okha ndi okwanira, kuti wa ola limodzi mpaka maola awiri ndi theka umafuna magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena zokhutitsa pa ola lililonse, ndipo kuti wopitirira apo, makamaka pa liwiro la mpikisano, ungafune mpaka magalamu 90. Manambalawa asakuopseni, chifukwa zakudya zake mumazidziwa. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Mbatata yophika yofanana ndi chibakera chanu ili ndi pafupifupi 30, ndipo masilayisi awiri a buledi sasiyana nayo kwenikweni. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga woposa pang'ono magalamu 30. Ndiye nthochi ziwiri pa ola, kapena nthochi imodzi ndi kambatata, mwakwanitsa. Lumani koyamba pakadutsa theka la ola chinyamukire, ngakhale m'mimba mukumveka mokhuta, ndipo kuyambira pamenepo lumani kanthu mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Yang'anani wotchi, musafunse mimba. Palinso china chosangalatsa chimene Asker Jeukendrup ndi anzake anapeza ku yunivesite ya Birmingham cha m'ma 2004. Matumbo salowetsa shuga wa mtundu wa glucose woposa magalamu pafupifupi 60 pa ola, koma shuga wa mtundu wa fructose ali ndi njira yakeyake yolowera, motero kuti mukasakaniza mitundu iwiriyi thupi limalandira zambiri. Makampani anapanga zakumwa zodula potsatira zimenezi. Koma shuga wothira m'tiyi, uyu wochokera kuminda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, theka lake ndi glucose ndipo theka lina ndi fructose. Masipuni aang'ono 7 osasefukira m'botolo la theka la lita, kamchere kotsina ndi zala, ndi madzi a ndimu pang'ono, mwapanga nokha chakumwa cha paulendo.

Ndikudziwa chimene ena a inu muyankhe, ndipo si yankho lopepuka. Muloza abambo onyamula makala kuchoka ku Neno ndi ku Mwanza kulowa mu Blantyre, kapena kuchoka ku Dzalanyama kulowa mu Lilongwe, matumba atatu atasanjikizana pakaliyala. Muloza akabaza amene amapalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mufunsa kuti kodi iwowa amawerenga magalamu? Sawerenga, n'zoona. Koma tawayang'anitsitsani. Amayenda mwapang'onopang'ono, ndipo akafika pachitunda amatsika n'kukankha. Pa liwiro limenelo thupi limadalira kwambiri mafuta, ndipo shuga satha msanga. Inu mumafuna kukwera chitunda chomwecho mutakhala pachishalo, mukupikisana, mtima ukugunda ngati uphulika. Ntchito ziwirizi si imodzi. Chachiwiri, si zoona kuti sadya. Amaima patiyirumu kumwa tiyi wothira shuga wambiri ndi sikono, amagula thobwa, amatafuna nzimbe, amanyamula chinangwa chophika m'jumbo. Nzeru imene akatswiri a ku Sweden anaipeza ndi singano, abambo amenewa anaipeza kale ndi miyendo yawo, ndipo amaitsata tsiku lililonse limene thumba lalola. Tsiku limene sanadye, sanasankhe kutero. Ndalama ya makala inali isanalowe, kapena anaisungira ana kunyumba. Ndipo thupi limalipira ndithu: kuwonda, kudwaladwala, kukalamba msanga. Kutenga kuvutika kwa munthu wosowa n'kukusandutsa lamulo la masewero ndi kumuchitira chipongwe. Ngati mukufuna kuphunzira kwa iwo, phunzirani kudekha kwawo pachitunda ndi chizolowezi chawo choima pamene pali thobwa.

Ena amabwera ndi mfundo imene anaiwerenga pa intaneti, yakuti kupalasa osadya kumaphunzitsa thupi kutentha mafuta, ndiye munthu amalimba komanso amapepuka. Muli choona pang'ono mmenemo, ndipo sindikana. Kupalasa modekha kwa ola limodzi m'mawa musanadye sikungakupwetekeni, ndipo thupi limazoloweradi kugwiritsa ntchito mafuta ambiri. Funso ndi lakuti kodi kuzolowerako kumakupatsani liwiro? Louise Burke ndi anzake a ku Australian Institute of Sport anayesa zimenezi pa akatswiri a mpikisano woyenda mwandawala, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Gulu limene linakhala masabata atatu likudya mafuta ambiri ndi zokhutitsa zochepa kwambiri linayambadi kutentha mafuta mochuluka, koma linkafuna mpweya wambiri kuti liyende pa liwiro lomwe lija, ndipo pampikisano wa makilomita 10 silinapite patsogolo monga anachitira anzawo odya zokhutitsa. Chifukwa chake n'chosavuta: mafuta amafuna mpweya wochuluka kuposa shuga kuti atulutse mphamvu zofanana, ndipo pachitunda mpweya ndi umene umasowa. Za kupepuka thupi, ndikudandaulirani makamaka inu atsikana, ndi anyamata amene mukukulabe. Kupalasa maola ambiri sabata ndi sabata mukudya moperewera kumachititsa thupi kutseka ntchito zina kuti lisunge mphamvu. Mtsikana amasiya kusamba, mafupa amafooka, matenda amabwera pafupipafupi, tulo timasowa. Mu 2014 bungwe la International Olympic Committee linalengeza kuti vutoli ndi lenileni ndipo limagwira akazi ndi amuna omwe. Mtsikana wopalasa njinga akaona kuti miyezi ikudutsa osasamba, asayese chizindikiro cha kulimba. Akaonane ndi achipatala ndipo awonjezere chakudya.

Za ndalama sindichedwapo. Mukaona pa kanema akatswiri akufinyira m'kamwa timapaketi ta shuga wamadzimadzi, mumaganiza kuti kudya bwino panjinga ndi kwa olemera. Mu 2012 David Nieman ndi anzake a ku Appalachian State University ku America anapalasitsa anthu 14 mtunda wa makilomita 75 kawiri, ulendo wina akudya nthochi, ulendo wina akumwa chakumwa cha amasewero chogula. Nthawi yawo sinasiyane. Ndipo Vincent Onywera ndi anzake atafufuza mu 2004 zimene amadya akatswiri othamanga a ku Kenya pamalo awo okonzekerera pafupi ndi Eldoret, anapeza kuti magawo atatu mwa anayi a mphamvu zawo amachokera ku zokhutitsa ndi shuga, makamaka ugali, imene ndi nsima yathu yomweyi, ndi tiyi wamkaka wothira shuga. Timapaketi tija ubwino wake ndi kupepuka m'thumba, osati mankhwala obisika.

Chodandaula chomveka kuposa zonse ndi cha amene amati akadya panjinga m'mimba mumawapota, amachita nseru kapena amatsegula. Zimachitikadi, ndipo kawirikawiri cholakwa chimakhala nthawi kapena mtundu wa chakudya. Nsima ndi bwenzi lanu madzulo a dzulo lake, ndiponso mukafika, koma mitanda itatu ndi nyemba mutatsala theka la ola kunyamuka idzakukhalani pachifuwa ulendo wonse. Chakudya cholemera chimafuna maola atatu kapena anayi kuti chitsike. Ngati mukulawirira, phala lothira shuga, kapena tiyi ndi buledi ndi nthochi, ola limodzi kapena awiri musananyamuke, n'zokwanira. M'njira pewani zonona. Tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, mandasi odontha mafuta ndi mtedza wambiri zimakoma ndipo zimakhutitsa, koma mafuta amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, ndiye mumakhuta pomwe miyendo ikufa ndi njala. Nyemba, kabichi ndi zina zotupitsa mimba zidikire mukafike. Pa ulendo wa tsiku lonse woyenda modekha, kamtedza kapena buledi wopaka chiponde ali ndi malo ake, chifukwa zotsekemera zokhazokha zimatopetsa pakamwa pakadutsa maola anayi kapena asanu. Dziwaninso kuti matumbo amaphunzira monga imaphunzirira miyendo. Woyamba kumene ayambe ndi nthochi imodzi pa ola, awonjezere pang'onopang'ono pa masabata angapo, ndipo asayese chakudya chachilendo tsiku la mpikisano. Chakumwa chotsekemera kwambiri, monga Sobo wosasungunula bwino, chimachedwa m'chifu ndipo chimakokera madzi m'matumbo. Chitsatizeni ndi madzi.

Madziwo ndi nkhani ina yofuna kusamala mbali zonse ziwiri. Wopalasa mwamphamvu padzuwa amataya thukuta lokwana lita imodzi pa ola, ena kuposa apo, ndipo mu Okutobala kuchigwa cha Shire, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, kutayako kumakula. Thupi likataya madzi oposa magawo awiri mwa magawo 100 a kulemera kwake, omwe kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi lita imodzi ndi pang'ono, magazi amachepa, mtima umathamanga, thupi limalephera kudziziziritsa, ndipo chakudya chimene mwadya chimachedwa kugayika. Imwani pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita kapena kupitirirako pa ola malinga ndi kutentha, m'malo modikira kukakhuthula malita awiri pamjigo nthawi imodzi. Koma musapyole muyeso. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndiwo mizere yoyera imene mumaiona pamalaya akauma, ndipo womwa madzi okhaokha ochuluka kwa maola ambiri amasungunula mchere wa m'magazi. Pa Boston Marathon ya 2002 madokotala anayeza othamanga 488 ndipo anapeza kuti 13 mwa 100 alionse mchere wawo wa m'magazi unali utatsika, makamaka amene anamwa mopitirira. Vuto limeneli likakula limatupitsa ubongo ndipo limapha. Kamchere m'botolo, mbatata yowaza mchere, kapena paketi ya Thanzi ORS pa ulendo wautali wa padzuwa zimathandiza. Samalaninso kumene mukutunga. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo ludzu la paulendo limamwetsa munthu madzi amene akanawakana ali kwawo. Tungani pamjigo kapena pampopi, ndipo thobwa gulani kwa amene mukuona kuti ziwiya zake ndi zaukhondo.

Makolo ena amada nkhawa kuti shuga yenseyu adzabweretsa matenda a shuga, ndipo nkhawa yawo ndi yabwino, poti matendawa akuchulukadi m'matauni mwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti mnofu umene ukugwira ntchito umakoka shuga m'magazi n'kumutentha nthawi yomweyo, pomwe wa munthu wongokhala sutero. Shuga wa pachishalo akhale wa pachishalo. Musatenge malangizo anga ngati chilolezo chomwera zoziziritsa kukhosi tsiku lonse muli khale. Tsukani m'kamwa ndi madzi kuti mano asabowoke, ndipo amene ali kale ndi matenda a shuga ayambe wakambirana ndi dokotala wake. Chimene ine ndimachiopa kuposa shuga ndi zinthu zobisa kutopa. Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu zimadalira kwambiri caffeine, amene amagalamutsa mutu koma sabwezera chimene chatha m'minofu. Chitini chimodzi pa ulendo wautali chingathandize munthu wamkulu, koma zitatu kapena zinayi padzuwa zimathamangitsa mtima ndi kusokoneza mimba. Kachasu ndi mowa wina uliwonse ndiye musayerekeze. Mowa umalepheretsa chiwindi kupanga shuga watsopano panthawi imene mukumufunitsitsa, ndipo umagonetsa nzeru zimene zikanakuuzani kuti imani. Pa 13 July 1967, Tom Simpson wa ku Britain, mmodzi wa akatswiri otchuka a nthawi yake, anagwa n'kumwalira akukwera phiri la Mont Ventoux pa Tour de France kunja kukutentha koopsa. M'thupi mwake anapezamo mankhwala ogalamutsa a amphetamine ndi mowa. Anali ndi zaka 29.

Mukafika kunyumba ntchito sinathe. M'maola oyambirira minofu imalandira shuga mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, choncho musagone ndi njala poti mwatopa. Idyani nsima yokwanira ndi usipa, mazira, nyemba kapena nyama kuti minofu ikonzeke, mumwe madzi mpaka mkodzo uyere. Glycogen amafuna pafupifupi maola 24 a kudya bwino kuti adzazenso, ndipo wopalasa masiku awiri otsatizana amakwera zitunda za mawa ndi mgonero wa lero.

Tsono inu amene mumatsogolera magulu, ndi inu nonse amene mumapalasa ndi anzanu, udindo wina uli pa inu. Munthu amene shuga wamuthera ndiye womaliza kuzindikira, chifukwa ubongo umene ukanamuchenjeza ndi womwewo umene wafooka, ndipo manyazi a chinyamata amamuletsa kunena kuti ndatheratu. Musananyamuke funsanani kuti wadya chiyani ndipo m'thumba muli chiyani, ndipo amene alibe mugawireni popanda kumuseka. Panganani malo oimapo musanayambe ulendo, osati wina atagwa. Mukaona mnzanu wolongolola wangoti zii, kapena akutsalira ndi kukhotakhota, musamulimbikitse kuti alimbe mtima. Muimitseni pamthunzi, mum'patse chakumwa cha shuga ndi nthochi, mudikire naye mphindi 15 kapena 20, ndipo mupitirize pa liwiro lake. Ngati wamwa shuga koma akuyankhulabe zosamveka, thupi lili moto, kapena wakomoka, limenelo lingakhale dzuwa lamupweteka, ndipo si zodikira. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mumumasule zovala, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo imitsani galimoto yoyamba kudutsa kuti imutengere kuchipatala chapafupi.